Nambala ikamakana kupezeka pa malire a Muloza ndi Milange

Amene amachita geni ya nandolo kapena chimanga pakati pa Limbuli ndi Milange amalidziwa vutoli. Mnzako wangowoloka mtsinje wa Muloza, foni ili m'thumba, batire ndi yodzadza, koma ukamuimbira ukungouzidwa kuti nambalayo sikupezeka. Ambiri timathamangira kuganiza kuti wazimitsa dala, mwina akuthawa ngongole. Kawirikawiri mwini foniyo sadziwa n'komwe kuti akufunidwa.

Foni ikakhala yoyaka imauza kampani yake dera limene ili kudzera pa nsanja ya netiweki yapafupi. Wina akaimba, kampaniyo imalamula nsanja za m'deralo kuti ziyiitane foniyo. Ikapanda kuyankha pa masekondi ochepa, woimbayo amamva uthenga uja.

Pamalire zinthu zimasokonekera chifukwa mafunde a netiweki saima pa chipata. A TNM ndi Airtel amalowa pang'ono ku Mozambique, nawonso a Vodacom, Movitel ndi Tmcel amafika mbali ya Mulanje. Munthu akalowa mkati, kapena akatsikira kuchigwa kumene phiri la Mulanje kapena la Tumbine likutchinga, foni imataya nsanja ya kwawo n'kuyamba kusaka ina. Ngati layini yake ilibe chilolezo chogwira ntchito kunja, chomwe makampani amachitcha roaming, nsanja yachilendoyo imaikana. Foni imakhala yoyaka ndithu, koma kampani yake yasowa poipezera.

Palinso vuto la mafoni a simu ziwiri, omwe pamalire pano ndi ochuluka. Ambiri mwa mafoniwa, mukamayankhula pa layini imodzi, inayo imakhala ngati yazima. Wamalonda akuyankhula ndi kasitomala pa Movitel, mayi akunyumba akuimba pa Airtel n'kumva kuti bambo sakupezeka.

Kaimbidwe nako n'kofunika. Nambala ya ku Mozambique iyambe ndi +258. Ya ku Malawi, mukaimba muli kutsidya, iyambe ndi +265 ndipo muchotse ziro wakutsogolo. Ndi bwino kusunga manambala onse motero.

Nthawi zina vuto ndi nsanja yeniyeniyo. Imadalira magetsi, mabatire kapena jenereta, ndipo namondwe ngati Freddy, amene anasakaza chigawo cha Zambezia ku Mozambique ndi chigawo chakummwera cha Malawi mu Malichi 2023, amagwetsa mapolo n'kudula misewu yopititsira mafuta.

Ndiye mungatani? Ngati anthu akudandaula kuti simukupezeka, zimitsani foni n'kuiyatsanso, kapena dinani kachizindikiro ka ndege n'kukachotsa, kuti foni isake nsanja mwatsopano. Mukhozanso kulowa posankhira netiweki n'kusankha pamanja kampani yanu, kuti foni isamangodumphira kutsidya. Kukwera pamtunda kumathandiza. Zikakanika, ikani simuyo m'foni ina kuti mudziwe ngati chavuta ndi foni kapena layini. Woimba naye asamangobwereza kuimba. Atumize meseji, chifukwa imasungidwa kwa kanthawi n'kufika foni ikangogwiranso netiweki.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi matenda ausiku. Ngati pakhomo pali mayi woyembekezera kapena mwana wodwaladwala, musadalire nambala imodzi. Lembani papepala manambala a wanjinga yamoto, a mlangizi wa zaumoyo ndi a mnansi wodalirika, pa makampani osiyana, ndipo muwayese masana lisanafike tsiku lovuta.