Mankhwala a tsiku ndi tsiku amachepetsa kugwa khunyu

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti anthu 7 mwa 10 alionse odwala khunyu angathe kuleka kugwa atalandira chithandizo choyenera.

Choncho odwala a m'madera a Namitete, Nsaru ndi Kabudula m'boma la Lilongwe ayenera kubwerera kuchipatala, monga cha St Gabriel's kapena cha Kabudula, mankhwala awo asanathe, chifukwa kuwasiya mwadzidzidzi kumadzetsa kugwa koopsa.

Kuchezera usiku komanso kumwa kachasu kumautsanso matendawa. Wodwala asamaothe moto kapena kutunga madzi pachitsime ali yekha.

Akagwa, achotsereni zinthu zomuvulaza pafupi, agonekedwe chammbali ndipo asaikidwe kanthu m'kamwa. Khunyu sapatsirana, kotero palibe chifukwa chomuthawira.