Chidole cha pinki, galimoto ya buluu: anagawa ndani zoseweretsa za ana athu?

Khirisimasi ikamayandikira, masitolo a m'tauni ndi mabenchi a pamsika amadzaza ndi zoseweretsa za ana. Mukaima pang'ono n'kuyang'anitsitsa muona kuti katunduyo amayalidwa mbali ziwiri. Uku kuli zidole za tsitsi lalitali, timiphika, timbale, kagalasi ndi kachipeso, zonse za pinki. Uko kuli magalimoto, ndege, mipira ndi mfuti zapulasitiki, zambiri za buluu kapena zamawangamawanga ngati yunifolomu ya asilikali. Musanafunse n'komwe mtengo, wogulitsa wayamba kale kukufunsani inuyo: "Mayi, mwana wake ndi wamwamuna kapena wamkazi?"

Ife azamba funso limeneli timalidziwa. Ndi lomwe limamveka pakhomo la leba mwana akangolira: "Anesi, ndi mwana wanji?" Masiku ano ena amafunsiratu ku sikani mimba ili ndi miyezi isanu, kuti akagule shawelo, kabeseni ndi tizipewa ta mtundu woyenera. Kufuna kudziwa sikulakwa. Chomwe ndikufuna tikambirane, amayi anzanga, ndi zimene zimatsatira yankho lija, poti kuyambira tsiku limenelo timayamba kumuikira mwanayo malire pa zomwe manja ake angagwire. Ambirife timayesa ndi mmene zinakhalira chiyambire. Koma mbali yaikulu ya malire amenewa anailemba ndi anthu amalonda, ndipo si kale kwenikweni.

Pinki anali wa anyamata

Nkhaniyi tiyenera kuiyambira ku America, chifukwa ndi kumene kunachokera makampani akuluakulu a zidole ndi njira zawo zotsatsira malonda. Zaka za m'ma 1800, makanda kumeneko, aamuna ndi aakazi omwe, ankavekedwa timadiresi toyera, poti nsalu yoyera siivuta kuchapa ndi kuwiritsa. Mu 1918 magazini ina ya ogulitsa zovala za ana, Earnshaw's Infants' Department, inalangiza kuti pinki ndi woyenera mwana wamwamuna chifukwa ndi mtundu wamphamvu, pomwe buluu ndi wofatsa, woyenera mtsikana. Ife Akatolika izi zisatidabwitse kwambiri. Tayang'anani chovala cha Amayi Maria pa zithunzi za m'tchalitchi mwanu, kawirikawiri n'cha buluu. Ndi cha m'ma 1940 pomwe masitolo anatembenuza zinthu n'kukhazikika pa zomwe tikuonazi.

Ngakhale pamenepo mpanda sunali wolimba. Mayi wina wofufuza za chikhalidwe cha anthu, Elizabeth Sweet, anaunika mabuku akale otsatsira malonda a sitolo yaikulu ya Sears. Anapeza kuti m'buku la 1975, zoseweretsa zosakwana 2 mwa 100 zilizonse ndi zomwe zinkatchulidwa kuti n'za anyamata kapena za atsikana. Pofika 1995 zinali pafupifupi theka.

Chinachitika n'chiyani m'zaka 20 zimenezi? Choyamba ndi masamu a malonda. Banja likagula kanjinga kofiira, akwera mwana woyamba, kenako wachiwiri, mpaka wachitatu. Koma kanjingako mukakapaka pinki n'kukamata maluwa, mnyamata akana kukwera ka mlongo wake, ndipo bambo apisanso m'thumba. Katundu yemweyo wagulitsidwa kawiri. Chachiwiri ndi wailesi ya kanema. Mu 1984 boma la America linafewetsa malamulo a zotsatsa malonda m'mapulogalamu a ana, ndipo kunachuluka makatuni opangidwa kuti agulitse zidole: Transformers kwa anyamata, My Little Pony kwa atsikana. Pa nthawi yomweyo sikani inafala m'zipatala, makolo n'kuyamba kugula katundu wa khanda akudziwiratu kuti ndi mwana wanji.

Amalonda amasamala ngakhale mawu. Kampani ya Hasbro itatulutsa kamsilikali kotchedwa G.I. Joe mu 1964, inakana kukatchula chidole poopa kuti anyamata sagula, nkuona inapeka dzina lina loti action figure. Komatu n'chidole ndithu, chovekedwa ndi kuvulidwa ngati chinzake. Nayenso Barbie, yemwe kampani ya Mattel inamutulutsa mu 1959, anabweretsa mkangano mu 1992 pomwe zidole zina zolankhula zinkadandaula kuti phunziro la masamu n'lovuta. Mabungwe a amayi ndi aphunzitsi atadandaula, kampaniyo inachotsa mawuwo.

Mwina mukuti izi n'za azungu. Koma zoseweretsa zambiri za padziko lapansi zimapangidwa ku China potsata misika ikuluikulu ija, ndipo zomwezo ndi zimene amalonda athu amakaoda, zina zimabwera m'mabelo a kaunjika. Makatuni aja ali pa YouTube, pafoni yomwe mumampatsa mdzukulu kuti atonthole. Ndipo taonani khungu ndi tsitsi la zidole zambiri za pamsika. Mtsikana akakula akupesa tsitsi la chidole choyera ngati mzungu, akuuzidwa kuti ichi ndiye chokongola, tisadabwe akadzayamba kufunafuna mafuta oyeretsa khungu, omwe ife kuchipatala timaona mmene amaonongera nkhope.

Nanga si chibadwa?

Funso ili n'loyenera, ndipo sindikufuna kulizemba. Kusiyana kobadwa nako kulipo. Mu 2002 ofufuza awiri, Gerianne Alexander ndi Melissa Hines, anapereka zoseweretsa kwa apusi, omwewa amatithera chimanga kumunda. Amphongo anathera nthawi yambiri pa galimoto ndi mpira, aakazi pa chidole ndi kamphika, ngakhale ine ndimadzifunsa kuti pusi amaudziwa bwanji mphika. Kusukulu ya unamwino timaphunzitsanso za matenda ena obadwa nawo, congenital adrenal hyperplasia, pomwe mwana wamkazi amakhala ndi mahomoni achimuna ochuluka akadali m'mimba. Atsikana otere kawirikawiri amakonda masewera omwe timati ndi a anyamata.

Koma kusiyana kumeneku kumaoneka mukawerenga gulu lalikulu la ana. Sikukuuzani za mwana mmodzi yemwe ali pakhonde panu. Alipo atsikana ambiri okonda kumasula zinthu, alipo anyamata ambiri okonda kulera. Za mitundu ija ndiye n'zophunzira basi. Kafukufuku wa mu 2011 anaonetsa kuti ana osakwana zaka 2 sasankha pinki kapena kumukana. Akafika zaka 2 ndi theka, atsikana amayamba kumuthamangira, anyamata n'kuyamba kumupewa. Ndi msinkhu womwe mwana amayamba kuzindikira kuti "ine ndine mnyamata", n'kumayang'ana nkhope za akuluakulu kuti adziwe chololedwa. Chibadwa chimangopendeketsa pang'ono. Ife ndi amalonda ndi amene timamanga mpanda.

Zomwe manja amaphunzira

Kusikelo timati kusewera ndi ntchito ya mwana, ndipo malangizo a WHO ndi UNICEF pa kakulidwe ka ana amaika kusewera pamodzi ndi chakudya ndi katemera. Choseweretsa chilichonse chili ndi phunziro lake. Mwana wosanja timatabwa kapena wopinda waya amaphunzira kuona chinthu m'mutu asanachipange, kuyeza kutalika, kudziwa chifukwa chomwe khoma lagwera, ndi kuyesanso akalephera. Awa ndiwo maziko a masamu ndi sayansi. Mwana wobereka chidole, wochidyetsa ndi kuchitonthoza, amaphunzira kulankhula, kuganizira mnzake, kudekha ndi kugwira mofewa. Mwana aliyense akufunika zonse ziwiri. Tikampatsa mbali imodzi yokha, timakhala ngati tikumdyetsa nsima yopanda ndiwo, kapena ndiwo zopanda nsima.

Zotsatira zake ndimakumana nazo m'kalasi chaka ndi chaka. Ikafika nthawi yowerengera madontho a diripi pa mphindi, kapena mlingo wa mankhwala molingana ndi kulemera kwa khanda, pamakhala atsikana anzeru ndithu omwe amayika cholembera pansi asanayese n'komwe. "Madamu, ine masamu ayi." Ukakhala naye pansi umapeza kuti akutha. Chomwe chikumuvuta ndi mawu omwe anamva ali wamng'ono n'kuwakhulupirira. Komatu namwino akalakwitsa kadontho kamodzi ka pakati pa manambala, mwana amalandira mankhwala ochuluka kakhumi.

Mbali inayo ndimaiona kuchipinda cha ana obadwa masiku asanakwane, omwe kuno kwathu ndi ambiri. Ana amenewa timawasamala mwa njira ya kangaru: mwana amamangiriridwa pachifuwa, khungu kukhudza khungu, usana ndi usiku. Mayi yekha sangathe, makamaka ngati anachira ndi opareshoni kapena ali ndi mapasa. Ndinaonapo bambo wina, wamphamvu zake, woumba njerwa, manja akunjenjemera titamupatsa mwana wake wa kilogalamu 1.5. Anati, "Anesi, ine chibadwire sindinanyamulepo khanda, ndimuthyola." Mlandu sunali wake. Ali mwana, akangoyandikira khanda ankauzidwa kuti apite akasewere ndi amuna anzake. Patatha masiku atatu ankakana kumupereka mwanayo.

Tisanamizire amalonda okha. Nafenso tili ndi magawo athu akale. Galimoto ya mawaya, legeni ndi mpira wa chikulunga n'za anyamata. Chitsononkho chobereka kumbuyo, phada ndi fulaye n'za atsikana. Pa masanje mtsikana ndiye wophika. Chowawa kwambiri n'choti mtsikana wa zaka 7 nthawi zambiri alibe n'komwe nthawi ya chidole, wabereka mwana weniweni, pomwe mlongo wake ali kudambo kuumba ng'ombe zadongo. Tonse timanyadira William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, yemwe ali ndi zaka 14 anapanga makina amphepo opangira magetsi ndi zitsulo zotola komanso zipangizo za njinga. Iye anayamba ndi kumasula mawailesi, ndipo anamulola. Ndimadzifunsa kuti ndi atsikana angati a mutu ngati womwewo omwe nthawi imeneyo anali pa mzere kumjigo.

Mpingo ukutinji?

Ndikudziwa mantha omwe ali m'mitima ya ena, poti anandifunsapo pamsonkhano wa amayi: mnyamata akamasewera ndi chidole, sadzasanduka ngati mkazi? Ndikuyankha ngati namwino: choseweretsa sichisintha chibadwa cha mwana. Mnyamata wobereka chitsononkho akuphunzira ubambo.

Mpingo umaphunzitsa kuti Mulungu analenga mwamuna ndi mkazi, ndipo kusiyana kumeneku ndi mphatso. Papa Fransisko anabwereza zimenezi m'kalata yake ya za banja, Amoris Laetitia, ya mu 2016. Koma m'ndime 286 ya kalata yomweyo anachenjeza kuti umuna ndi ukazi tisaziumitse ngati mwala. Anafotokoza kuti bambo wogwira ntchito zapakhomo kapena wolera ana sachepa umuna, ndipo ana ayenera kuthandizidwa kuona zimenezi ngati zabwinobwino. Anatinso kuumirira kwambiri kungathe kupha luso la mwana, mpaka kumaganiza kuti luso la zojambula kapena kuvina si la mwamuna, ndipo utsogoleri si wa mkazi. Yosefe Woyera timamujambula atanyamula zida za ukalipentala, komanso timamujambula atanyamula Mwana Yesu m'manja. Ndi munthu mmodzi yemweyo.

Kumaiko komwe kunachokera mpandawu ayamba kuugumula. Ku Britain makolo anayambitsa gulu la Let Toys Be Toys mu 2012, ndipo masitolo angapo anachotsa zikwangwani zolekanitsa za anyamata ndi za atsikana. Mu 2021 kampani ya LEGO inalonjeza kusiya kugawa katundu wake motero, itafunsa makolo ndi ana pafupifupi 7,000 m'maiko 7 n'kupeza kuti anyamata 71 mwa 100 alionse ankaopa kusekedwa akasewera ndi zomwe zimatchedwa za atsikana. Chiwerengero chimenechi chikutiuza kuti mpandawu umapanikiza kwambiri mwana wamwamuna. Mtsikana woyendetsa galimoto ya mawaya timangoti ndi wojijirika, koma mnyamata wogwira chidole timamuseka.

Kwathu kuno sitikusowa lamulo kuti tiyambe. Wogulitsa akakufunsani kuti ndi mwana wanji, muuzeni zaka za mwanayo ndi zomwe amakonda kuchita. Sankhani chinthu chomwe mwana angachigwiritse ntchito m'njira zambiri, chomwe ana onse a pakhomo angabwerekane. Ngati parishi kapena mphakati wanu uli ndi sukulu ya mkombaphala, pemphani kalipentala wa mumpingo zidutswa za matabwa, muzipale bwino zisabaye, ndipo amayi osoka apange zidole za nsalu zakuda ngati ife. Muziike m'dengu limodzi. Ndipo tiyang'anire pakamwa pathu, ife agogo ndi azakhali makamaka. Mawu oti "Iwe ndiwe mkazi kodi?" kapena "Mtsikana sakwera mumtengo" amalowa msanga kuposa katuni iliyonse.

Ndisaiwale chenjezo la kuchipatala. Zoseweretsa zotchipa zowala ndi zoimba zimakhala ndi timabatire tozungulira ngati ndalama yachitsulo. Mwana akameza kamodzi, kamatha kuwotcha kummero m'maola awiri okha. Thamangirani kuchipatala osadikira kuti ayambe kudandaula, ndipo musamusanzitse. Mwana wosakwana zaka 3 asapatsidwe chilichonse chokhala ndi tizidutswa tolowa m'kamwa.

Tchuthi chapitachi adzukulu anga awiri, mtsikana wa zaka 6 ndi mlongo wake wa zaka 4, anatsala ndi ine. Mnyamata wa nyumba yoyandikana anawasiyira galimoto ya mawaya yothyoka tayala. Ndili kukhitchini ndinamva phokoso ngati la ambulansi. Nditasuzumira, mtsikana uja anali atamanga tayala ndi lamba wa chubu, akuyendetsa mothamanga, mng'onoyo akutsatira pambuyo atafukata chitsononkho m'kansalu kanga ka kumutu. Nditafunsa komwe akupita, mnyamatayo anandiyang'ana mokwiya: "Agogo, tapatukani, mwanayu watentha thupi."