AMPHAKA ASANU ANASANDUKA MLIRI PA CISUMBU CA MARION

PALIBE mwini nkhokwe amene angakane ubwino wa mphaka, amene ena a ife timati cona kapena pusi. Iye ndiye mlonda wosalipidwa, wocezera usiku wonse kuteteza cimanga ndi nshawa zathu. Komatu mlonda ameneyu ndi mlenje cibadwire, ndipo zimene zinacitika pa cisumbu ca Marion zisonyeza ukali wace akalowa pakati pa mbalame zosamdziwa.

Marion ndi cisumbu ca dziko la South Africa, cimene ciri pakati pa nyanja yamcere, makilomita oposa 1,700 kucokera ku gombe la dzikolo. Ndi malo ozizira koopsya, a mvula ndi mphepo yosaleka, opanda ngakhale mtengo umodzi. Kulibe midzi. Kuyambira m'caka ca 1948 kumakhala anthu owerengeka okha, opima nyengo ndi ofufuza za cilengedwe. Eni ace eni-eni a malowo ndi mbalame za m'nyanja.

Anthu opima nyengo aja anasautsidwa ndi makoswe ang'ono-ang'ono a m'nyumba, amene anafika kumeneko m'zombo za alenje m'zaka za m'ma 1800. Tsono anacita zimene ali yense wa ife akadacita: m'caka ca 1949 anabweretsa amphaka asanu. Amphakawo anaswana, ana ao nalowa kuthengo. Powawerenga m'caka ca 1975 anapezeka kuti apitirira 2,000, ndipo pofika 1977 anali pafupi-fupi 3,400.

Akulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma kalumo ka mlendo uyu kanameta mutu wolakwika. Pa cisumbupo pamaswana mbalame zochedwa petrel m'Cingerezi. Izi zimakumba una m'nthaka ngati mbewa, ndipo zimaikira dzira limodzi lokha pa caka. Masana zimakhala pa nyanja kufuna cakudya, usiku ndi kubwerera ku mauna ao. Pamtunda zimayenda mopepesuka, osatha kuthawa msanga. Nanga mphaka akadabvutikiranji kuthamangitsa kakhoswe kosakhutitsa, pamene ndiwo yonona inali kudzigwera yokha pakhomo pa una? Ofufuza anawerengera kuti m'caka ca 1975 amphakawo anali kupha mbalame zotere zokwana 450,000 pa caka, ndiko kunena kuti mphaka mmodzi anali kudya zoposa 200. Mtundu umodzi wa mbalamezi unalekeratu kuswana pa cisumbupo.

Wina angafunse kuti, bwanji kuno kwathu nkhwali, njiwa ndi zinziri sizinathe, cikhalireco amphaka ali m'mudzi uli wonse? Yankho lace ndi lakuti mbalame zathu zinakulira pamodzi ndi adani. Zimadziwa njoka, likongwe ndi bvumbwe, ndipo bvumbweyo ndiye kholo la amphaka onse a m'nyumba. Mbalame za ku Marion sizinaonepo nyama ya miyendo inai yozisaka, motero mantha amene amapulumutsa nkhwali izo zinalibe.

Ici sicitanthauza kuti mphaka wa kuno ndi wosalakwa ai. Amene anapenyapo cona wokhuta alikuseweretsa buluzi kapena kamwana ka mpheta adziwa kuti si njala yokha imene imamsakitsa. Ndipo ana a mphaka amene timakataya kuthengo m'thumba akaculuka panyumba, sikuti onse amafera komweko. Olimba amakula nasanduka olusa, namadya mbalame zoikira pansi, kenaka nabwerera usiku kudzatola anapiye athu omwe. Ena amaswana ndi bvumbwe, ndi kusokoneza mtundu wace.

Kucotsa amphaka ku Marion inali nchito ya thukuta. M'caka ca 1977 akatswiri anatulutsa dala matenda ogwira amphaka okha, ndipo pofika 1982 anatsala ngati 600. Koma otsalawo anali olimba, nayambanso kuswana. Kuyambira 1986 kunatumizidwa magulu a alenje, awiri-awiri, oyenda usiku ndi mfuti ndi nyale m'matope ndi m'cisanu. Pambuyo pace anachera misampha ndi kuika nyambo za poizoni. Amphaka otsiriza anagwidwa m'caka ca 1991, patapita zaka 14 ciyambire nkhondoyo. 

Nanga makoswe aja amene anaitanitsa amphaka? Alipobe mpaka lero. Amphaka sanawathe konse pa zaka zonse 42 zimene anakhalako, ndipo popeza nyengo ya cisumbuco yayamba kufunda ndi kuuma, makoswewo aculuka koposa kale. Atacepetsa tizirombo timene anali kudya, anatembenukira ku mbalame. M'caka ca 2003 anthu anaona koyamba ana a albatross ali ndi zironda zolumidwa ndi makoswe. Albatross wamkulu ndi mbalame imene mapiko ace akatambasuka amapitirira mamita atatu, koma mwana wace amakhala pa cisa miyezi yambiri makolo ali ku nyanja, ndipo sadziwa kudziteteza. Timakoswe timamkwera usiku ndi kumdya ali moyo, kawiri-kawiri kuyambira pamutu, kufikira atafa patapita masiku.

Boma la South Africa pamodzi ndi bungwe la BirdLife South Africa anagwirizana pa nchito yochedwa Mouse-Free Marion, yofuna kumwaza nyambo za poizoni ndi ndege za helikopita pa cisumbu conse, mahekitala pafupi-fupi 30,000, m'mapiri ndi m'zigwa momwe. Nchitoyo ifunika kucitika m'nyengo yozizira, pamene makoswe ali ndi njala ndipo saswana, pakuti akangotsala wamkazi mmodzi wa bere, ndalama zonse zidzakhala zitapita pacabe.