CIMENE CINAWOLOTSA MBETA ZA KU BRITAIN NYANJA ZAZIKULU

M'zaka za m'ma 1800, akazi osakwatiwa zikwizikwi anasiya makolo ao ku Britain ndi ku Ireland, nakwera zombo kupita ku Australia, New Zealand ndi Canada. Ulendo wa ku Australia unali kutenga miyezi itatu kapena inai. Kodi cinawacotsa kwao nciani?

Coyamba cinali umphawi. Kalembera wa 1851 anaonetsa kuti ku Britain akazi anaposa amuna ndi pafupifupi theka la miliyoni. Ambiri sanapeze mwamuna, ndipo nchito zololedwa kwa mkazi zinali zocepa: kusoka, kutumikira m'nyumba za olemera, kapena kuphunzitsa ana a mabwana. Osoka a mu London anali kugwira nchito usana ndi usiku, koma malipiro osakwanira ndi cakudya comwe. Mu 1862 mlembi W. R. Greg anafika ponena kuti akazi otere ndi otsalira, ndipo ayenera kutumizidwa kunja.

Kutsidya kwa nyanja zinthu zinali zosiyana. Ku Australia amuna ndiwo anacuruka, poyamba cifukwa ca akaidi otumizidwa kumeneko, pambuyo pace cifukwa ca golide amene anapezeka mu 1851. Maboma a atsamunda anafuna anchito a m'nyumba ndi akazi omanga mabanja pa nthaka yolandidwa kwa eni dziko, motero anathandiza kulipira ulendo.

Ku Ireland inawapirikitsa ndi njala. Pakati pa 1848 ndi 1850, atsikana amasiye oposa 4,000 anatengedwa m'nyumba zosungiramo amphawi kupita ku Australia. Kumeneko ambiri ananyozedwa cifukwa cokhala Akatolika a ku Ireland, ndipo makonzedwewo analekeka.

Akazi ophunzira nawonso anapita. Mu 1862 Maria Rye anayambitsa bungwe lowakongoza ndarama za ulendo. Koma ena atafika anapeza kuti atsamunda anafuna ophika ndi ocapa koposa aphunzitsi. Ofika opanda wowalandira anali kugona m'miseu, mpaka Caroline Chisholm anawatsegulira nyumba mu Sydney mu 1841, nawafunira nchito m'mafamu.

Akuluakulu anaona akaziwa monga katundu wodzazira maiko atsopano. Koma eni ace ambiri anapita ndi colinga cao: kulandira malipiro abwinopo, kutumiza kanthu kwa abale otsala, ndi kudzisankhira okha kukwatiwa kapena kukhala mbeta.