Anisi: Dzina Limodzi, Zomera Zitatu

Ku doko la Kachulu, kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa m'boma la Zomba, mayi akamaphika matemba kapena makumba amadalira mchere, tomato, anyezi ndi tsabola. Komabe m'masitolo ena a m'tauni mumapezeka zokometsera chakudya zochokera kunja, ndipo chimodzi mwa izo ndi anisi. Mayi wofuna kumuyesa ayambe wadziŵa kuti dzinali limatchulidwa pa zomera zitatu, ndipo chimodzi mwa zitatuzo ndi chapoizoni.

Anisi weniweni kwawo ndi ku maiko a kum'maŵa kwa nyanja ya Mediterranean, ndipo ku Egypt anayamba kumulima kalekale. Ndi wa mtundu umodzi ndi karoti. Satalika kupitirira mita imodzi, amachita maluŵa oyera, nabala tinjere totuŵa tocheperapo kuposa mpunga. Tinjereti ndi tonunkhira ndiponso totsekemera chifukwa cha mafuta otchedwa anethole. Chomerachi chimafuna dzuŵa ndi dothi lotayirira, ndipo chimakhwima patapita miyezi inayi. Sichigwirizana ndi madzi odikha. Choncho dambo limene limabereka mpunga ku Likangala silingachiyanje. Sichikondanso kuwokera: njere zimafesedwa pomwe chidzakulire.

Pophika, tinjere toŵerengeka n'tokwanira. Amatikazinga pang'ono, kutisinja, ndi kuthira m'tiyi, m'buledi, m'mandasi kapena mumsuzi wa nsomba. Tikachuluka, fungo lake limaphimba kukoma kwa ndiwo.

Chomera chachiŵiri ndi mtengo wa kumwera kwa China ndi kumpoto kwa Vietnam. Chipatso chake chouma ndi chofiirira, chooneka ngati nyenyezi, ndipo kaŵirikaŵiri chimakhala ndi nsonga zisanu ndi zitatu. Mtengowu ulibe ubale ndi anisi weniweni, koma uli ndi mafuta omwe aja, ndiye chifukwa chake fungo n'lofanana. Chipatsochi chimadyedwa.

Chachitatu ndi mbale wake wa mtengo umenewu, wa ku Japan. Chipatso chake chikauma n'chovuta kuchisiyanitsa ndi chija cha ku China, koma chili ndi poizoni amene amachititsa munthu kusanza ndi kukomoka. M'chaka cha 2003 boma la America linachenjeza anthu kuti asamwe tiyi wophikidwa ndi zipatso za nyenyezizi, anthu ambiri atadwala, ena mwa iwo makanda.

Tsono mayi wogula anisi aonetsetse kuti akugula chiyani: tinjere tating'ono kapena chipatso cha nyenyezi. Ngati ndi cha nyenyezi, agule cha m'paketi yolembedwa bwino dzina ndi kumene chachokera. Koposa zonse, khanda likamalira ndi m'mimba lisamwetsedwe madzi a zomera zimenezi; mayi apite nalo ku chipatala chapafupi. Paja akuluakulu amati safunsa anadya phula.