Kodi Mtima Wabwino Wokha Ukwanira Kusunga Cuma ca Parishi?

Lamulungu lililonse mbale ya copereka imayenda m'mizere ya chalichi, ndipo akristu amaponyamo zimene apeza ndi thukuta: mai wogulitsa tomato pamsika, mlimi amene wangogulitsa nshawa, mphunzitsi amene walandira malipiro ake. Misa ikatha, ndalama zija zimalowa m'manja mwa anthu owerengeka amene tinawasankha pokweza manja. Kawirikawiri timasankha munthu cifukwa sajomba ku mapemphero, samwa mowa, ndiponso banja lake ndi laulemu. Zonsezi n'zoyenera. Koma ndi kangati pamene timafunsa ngati munthuyo anaphunzirapo kalembedwe ka mabuku a ndalama, kapena ngati adziwa zimene boma lifuna kwa aliyense wolemba anthu nchito?

Funso limeneli lavutitsa mipingo ya m'maiko ambiri, ndipo ena analiyankha pokhazikitsa maphunziro ndi satifiketi ya anthu oyendetsa cuma ndi katundu wa mpingo. Tiyeni tione m'mene acitira, kuti tidziwe cimene ife tingatolepo.

Nchito imene inasanduka luso

M'caka ca 1956, ku United States, anthu oyang'anira maofesi ndi cuma ca mipingo yosiyanasiyana anapanga bungwe lochedwa National Association of Church Business Administration. Masiku ano bungwelo lidziwika ndi dzina lakuti The Church Network. Iwo anaona kuti mpingo ukakula umakhala ndi anchito ofuna malipiro, nyumba zofuna kukonza, magalimoto, malo ndi misonkho, ndipo mbusa amene anaphunzira za Mulungu sangasenze zonsezi yekha.

Bungweli limapereka satifiketi yochedwa Certified Church Administrator. Woifuna ayenera kukhala atagwirapo kale nchito mu mpingo, kenaka amaphunzira kasamalidwe ka anchito, kalembedwe ka ndalama, kasungidwe ka nyumba ndi malo, malamulo a dziko ndi misonkho, komanso makhalidwe oyenera mtumiki wa mpingo. Pomaliza amasankha vuto lenileni la pa mpingo wake, nalikonza, ndi kulemba m'mene wacitira. Satifiketiyo siikhala ya muyaya: mwini wake ayenera kupitiriza kuphunzira kuti aisunge, pakuti malamulo a misonkho ndi a nchito amasintha.

Akatolika a kumeneko nawo sanatsalire. Yunivesite ya Villanova, ya ansembe a cipani ca Augustino Woyera, pafupi ndi mzinda wa Philadelphia, inatsegula m'caka ca 2004 malo ophunzitsa ndi kufufuza za kayendetsedwe ka mpingo, ndipo pambuyo pake inayamba kupereka digiri ya masitazi pa phunziro limeneli. Ndi yunivesite yomweyo imene Papa Leo XIV anatengako digiri ya masamu m'caka ca 1977.

Zimene kafukufuku anaulula

M'caka ca 2006, aphunzitsi awiri a pa Villanova, Charles Zech ndi Robert West, anatumiza mafunso kwa oyang'anira cuma ca madayosizi a ku United States. Madayosizi 78 anayankha. Mwa amenewa, 85 pa 100 alionse anavomera kuti m'zaka zisanu zapambuyo anapeza kuti ndalama za mpingo zinabedwa ndi anthu a m'kati momwemo, ndipo 11 pa 100 alionse anati zotayika zinapitirira madola 500,000.

Cimene ofufuzawo anaona n'cakuti mpingo umakhulupirira anthu ake msanga, ndipo umacita manyazi kuika malamulo amene sitolo iliyonse imaika. Munthu mmodzi yemweyo amawerenga copereka, kupita naco ku banki, kulemba m'buku, ndi kudzadziyesa yekha pa mapeto a mwezi. Ngati zotere zicitika m'dziko la mabanki ambiri ndi makompyuta, sitinganene kuti ife amene tisunga ndalama za masika m'kabati ya ku sakristi tili otetezeka kuposa iwo.

Nawo likulu la Eklezia linaona kufunika kwa akatswiri. Mu February 2014 Papa Francis anakhazikitsa ofesi yaikulu yoyang'anira cuma ca Vatican, ndipo m'caka ca 2022 anaika mkristu wamba wa ku Spain, bambo wapabanja, Maximino Caballero Ledo, kukhala mkulu wake. Anamusankha cifukwa ca luso limene analipeza pogwira nchito ya zacuma kwa zaka zambiri.

Malamulo a Eklezia afuna ciani?

Ena angati izi n'za azungu ndi ndalama zao. Koma buku la Malamulo a Eklezia la caka ca 1983 limanga parishi ya ku Chadiza monga limanga ya ku Philadelphia. Lamulo 492 lifuna kuti dayosizi iliyonse ikhale ndi khonsolo ya zacuma ya anthu osacepera atatu, odziwadi za ndalama ndi malamulo a dziko, ndiponso odziwika ndi kukhulupirika. Acibale apafupi a Ambuye Bishopu saloledwa kulowamo. Lamulo 537 lifuna khonsolo ya zacuma pa parishi iliyonse, yothandiza bambo mfumu. Tione bwino kuti Eklezia ichula zinthu ziwiri pamodzi, luso ndi kukhulupirika, ndipo siilola cimodzi kulowa m'malo mwa cinzake.

Malamulowo apitirira. Lamulo 1283 lifuna kuti woyang'anira katundu, asanayambe nchito, alumbire ndiponso asaine mndandanda wa zonse zimene wapeza. Lamulo 1284 limulamula kusunga bwino mabuku a zolowa ndi zotuluka, kuonetsetsa kuti malo a Eklezia ali ndi zikalata zovomerezeka ndi boma, kulipira inshuwalansi pamene ifunika, ndi kulemba lipoti caka ndi caka. Lamulo 1286 likumbutsa za malipiro oyenera a anchito ndi kutsata malamulo a nchito a dziko. Ndipo lamulo 1287 lifuna kuti akristu auzidwe m'mene zopereka zao zayendera.

Tikabweretsa zimenezi kwathu kuno ku Zambia, tipeza kuti parishi imene ili ndi mlonda, wophika ndi mlembi wa mu ofesi ndi bwana wolemba anthu nchito pamaso pa boma. Iyenera kupereka ku NAPSA ndalama 5 pa 100 zilizonse za malipiro a wanchito, ndi kudula zina 5 kwa wanchitoyo. Pamene malipiro afika pa mlingo wa msonkho, iyenera kutumiza msonkhowo ku ZRA. Msungicuma amene sadziwa zimenezi angathe kukhala woyera mtima ngati mngelo, koma mlonda adzakalamba wopanda penshoni, ndipo parishi idzagwa m'ngongole ya cilango.

Pepala silisintha mtima

Tisadzinamize kuti satifiketi ndi mankhwala oletsa umbava. Wodziwa mabuku ndiye adziwanso kubisa. Cimene maphunziro amapereka ndi dongosolo limene silidalira ubwino wa munthu mmodzi: copereka ciwerengedwe ndi anthu awiri kapena atatu osakhala a banja limodzi, ndipo azisinthana, owerenga asaine pepala la ciwerengero asanacoke, ndalama zipite ku banki zonse zisanagwiritsidwe nchito, potapa ku banki pasaine anthu awiri, cogula ciliconse cikhale ndi risiti, ndipo kamodzi pa caka munthu wakunja aone mabuku. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga.

Dongosolo lotere litchinjiriza ndalama, koma koposa litchinjiriza mbiri ya munthu. Tonse tidziwa m'mene manong'onong'o amayambira. Msungicuma akangofolera nyumba yake ndi malata, ena amayamba kuloza ku thumba la chalichi. Ngati palibe buku lolongosoka, munthu wosalakwa alibe coonetsa, ndipo ana ake amamva manyazi ku sukulu. Mabanja adana, miphakati yagawikana, ndipo ena aleka kupereka mtulo, cifukwa ca ndalama zimene mwina sizinabedwe n'komwe, koma sizinalembedwe. Nawo ansembe amapepukidwa akakhala ndi wothandiza wodziwa nchito, popeza nthawi imene akanathera pa malisiti amaithera kwa odwala ndi ku masiteshoni akutali.

Tingayambire pati?

Sitinena kuti parishi iliyonse itumize munthu ku America. Pakati pathu pali akristu amene anaphunzira za maakaunti ndipo analembetsa ku bungwe la ZICA, limene liyang'anira nchito imeneyi m'dziko muno. Ambiri a iwo amakhala cete kumbuyo kwa chalichi cifukwa palibe amene anawapempha. Tiwapemphe alowe mu khonsolo ya zacuma, kapena atithandize kuona mabuku pa mapeto a caka.

Ife akatekisiti sitiloledwa kuimirira pamaso pa anthu tisanaphunzitsidwe ndi kutumidwa. Atumiki a Ukaristia nawo amayamba aphunzira. N'cifukwa ciani tsono wosunga thukuta la akristu onse amayamba nchito ndi kope ndi bolopeni basi? Tikadakonda kuona madayosizi athu akukonza maphunziro a asungicuma ndi alembi a maparishi, okhala ndi mayeso ndi satifiketi yosainidwa ndi Ambuye Bishopu, yofunika kuikonzanso pakapita zaka zingapo. Maphunzirowo aphatikize mabuku a ndalama, malamulo a nchito, zikalata za malo ndi Malamulo a Eklezia. Mtengo wake ndi wocepa poyerekeza ndi mtengo wa mlandu umodzi wa malo ku khoti.

Nkhani imeneyi ndi yakale monga Eklezia yomwe. Atumwi ataona kuti amasiye ena akumanidwa cakudya ku Yerusalemu, anauza akristu kuti asankhe amuna asanu ndi awiri a mbiri yabwino ndi anzeru kuti asenze udindowo. Laurenti Woyera, dikoni amene anaphedwa ku Roma m'caka ca 258, anali wosunga cuma ca Eklezia ndi wosamala amphawi. Nchito ya m'mabuku a ndalama ndi utumiki weniweni, ndipo amene avulala ikalephereka ndi amasiye ndi ana amene copereka cikanawathandiza.

Tsono abale ndi alongo, pa cisankho cikudzaci, tisanakweze manja tifunse mafunso awiri: kodi munthuyu ndi wokhulupirika, ndipo kodi aidziwa nchitoyi? Ngati ndi wokhulupirika koma sanaphunzire, tisamutaye. Timulipirire maphunziro kucokera m'thumba lomwelo limene timupatsa kuti asunge. Ndipo lipoti la cuma likamawerengedwa m'chalichi, tikhale pansi ndi kumvetsera mpaka kumapeto.