Muli ndi shuga? Kayezetseni mkodzo

Munthu wa ku Kayelekera akamva za matenda a impso, maganizo amathamangira ku mgodi wa uranium uja, womwe a Paladin adatsegula mu 2009, n'kuuimika mu 2014, ndipo a Lotus Resources adautsegulanso mu 2025. Nkhawayo sindikuinyoza ayi, poti uranium wambiri akalowa m'thupi amavulazadi impso. Koma chomwe chikuwononga impso za anthu ambiri padziko lonse tili nacho m'makomo mwathu momwemu: matenda a shuga ndi mnzake BP.

Akafukufuku a MEIRU a ku Chilumba atayeza anthu m'boma la Karonga ndi ku Area 25 ku Lilongwe pakati pa 2013 ndi 2016, adapeza kuti mwa anthu 10 alionse a shuga, 4 sankadziwa n'komwe kuti akudwala.

Impso ndi sefa wa magazi. Zimataya zoipa kudzera mumkodzo n'kusunga zofunika. Shuga akamakhala wokwera kwa zaka, timitsempha ta sefayu timabooka, ndiye puloteni yotchedwa albumin imayamba kudontha mumkodzo pang'onopang'ono. Apa munthu samva kuwawa paliponse. Amalima, amapalasa njinga, amadya bwinobwino. Mukadzaona mapazi atupa, nkhope yafufuma m'mawa, mkodzo ukuchita thovu ngati mwathiramo sopo, dziwani kuti zafika patali.

Ndili pantchito ndidasamalirapo bambo wina amene adakhala ndi shuga zaka zambiri. Ankamwa mankhwala ndithu, koma palibe adamupempha mkodzo olo tsiku limodzi. Adabwera nsapato zikukana kulowa. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa nanenso ndidamubayapo chala kangapo osaganizira za impso zake.

Tsono inu amene muli ndi shuga woyamba ukulu, yezetsani mkodzo tsiku lomwe akupezani naye, kenaka chaka chilichonse. Mwana wobaya insulin amayamba kuyezedwa pakatha zaka 5. Musadikire kuti adokotala akumbukire, funsani nokha. Amayi mukudziwa kale, ndi kambotolo konga kaja ka kusikelo.

Mkodzo wabwino ndi woyamba wa m'mawa. Musayezetse muli kumwezi, thupi likutentha, mukumva kuwotcha pokodza, kapena dzulo lake mutagwira ntchito yakalavulagaga. Kunyanja kuno likodzo nalo limasokoneza zotsatira, choncho muwauze ngati mudaonapo magazi mumkodzo. Akapeza puloteni kamodzi musalire maliro. Amabwereza m'miyezi 3 mpaka 6, ndipo ikapezeka kawiri mwa katatu m'pamene timati vuto lilipo.

Kenanso, kapepala wamba koviika mumkodzo kamaona puloteni ikachuluka. Yochepa ija imaoneka ndi muyezo wa labotale wotchedwa ACR, ndipo ikafika 30 mg/g ndi chenjezo. Mukapita ku chipatala chachikulu cha Karonga, funsani za muyezowu pamodzi ndi wa magazi wa creatinine.

Zikadziwika msanga, chochita chilipo. Mankhwala a BP onga enalapril amateteza impso, ngakhale mayi woyembekezera kapena amene akufuna mimba sayenera kumwa. Mchere usapitirire kasipuni kamodzi ka tiyi patsiku, kuwerengera ndi wa m'ndiwo womwe. Brufen ndi diclofenac wogula paokala musiyeni, ndi zitsamba za m'mabotolo zomwe amati "zimatsuka impso".

Zikaferatu, chotsala ndi makina otsukira magazi a dialysis, kawiri kapena katatu pamlungu. Kwa zaka zambiri, m'zipatala za boma makinawa ankapezeka ku Kamuzu Central ndi ku Queens kokha. Taganizani, kuchoka ku Kayelekera kukafika pa Karonga boma pokha ndi makilomita pafupifupi 50.

Inu achinyamata apabanja, ngati amayi kapena apongozi ali ndi shuga, tsegulani buku lawo la kuchipatala madzulo ano. Ngati simukuonamo za mkodzo chaka chino, aperekezeni pa tsiku lawo la kiliniki.